Filimu Imene aLenia Anaionera ndi Makutu

Mukafika pa Migowi n'kufunsa munthu wodziwa mafilimu kuposa onse, sakulozerani mnyamata wa foni yaikulu ayi. Akulozerani mayi wina wa mpango wofiira, wokhala pa kampando kumbuyo kwa beseni la zitumbuwa. Amenewo ndi aLenia. Ndipo musadabwe ndikakuuzani kuti mpaka chaka cha 2019, mayi ameneyu anali asanapondemo m'nyumba ya vidiyo ngakhale kamodzi.

Zinayamba mu 1994, aLenia akadali mtsikana. Amayi awo ankawatuma kukagulitsa zitumbuwa pa Migowi, kuchokera kumudzi kwawo kumunsi kwa phiri. Chaka chomwecho aSalimu, bambo wogula ndi kugulitsa nandolo, anamanga chisakasa cha malata akale ndi mphasa, n'kuikamo wailesi ya kanema, deki ya matepi ndi jenereta. Kuti odutsa adziwe kuti m'katimo muli zinthu, anapachika sipika yaikulu pa mtengo wa mango panja. Pansi pa mtengo umenewo ndi pamene aLenia anatula beseni lawo, poti mthunzi unali pomwepo.

Zolowa panalibe. Masiku amenewo mtsikana akalowa mu vidiyo, mbiri yake inkafika kumudzi iye akadali panjira. Komanso beseni ukanalisiyira ndani? Ndiye anyamata ankalowa ndi maso awo, aLenia n'kutsala panja ndi makutu awo. Koma makutu ake, abale inu!

Mwezi usanathe anali atadziwa kale kuti ya ku Tchaina ikayamba ndi kachitoliro, mphunzitsi wa karate aphedwa isanafike pakati. Za ku Nigeria zitabwera, Chingerezi ankachimva mwa apo ndi apo, koma apongozi oipa ankawazindikira ndi kutsonya kokha. Osewera onse ankawadziwa ndi mawu, mayina n'kuwapatsa okha. Panali aKatsokomole, amene ankayamba atsokomola asanamenye munthu. Panali aNamaseko, amene akangoseka, aLenia ankadziwa kuti banja la wina latha. Ngakhale olemba mafilimu, anthu oti sanawamvepo n'komwe mayina, sankapulumuka pakamwa pawo.

"Wolemba iyi ndi waulesi," ankatero uku akukulunga chitumbuwa m'pepala. "Anthu sanakangane n'komwe, mfuti yalira kale. Munthu amafa ndi chifukwa."

Lamulo lawo linali limodzi: wotuluka m'katimo asawauze kanthu. Wophwanya lamuloli ankagula zitumbuwa zopanda banyira mwezi wathunthu, ndiye anyamata anaphunzira kutseka pakamwa. Kumudzi ndiye kunali siteji yawo. Azimayi akasonkhana kutongola chimanga kapena kupeta nandolo, ankayamba atumiza uthenga kwa aLenia, chifukwa ntchito ya masiku awiri inkatha tsiku limodzi. Iwo sankabisa. "Ine ndimaonera ndi makutu," ankatero, "ndipo khutu langa silinama." Atabwera mafilimu omasuliridwa m'Chichewa aja, anthu anapeza kuti zambiri zimene aLenia ankanena zinali zomwezo, ndiye matama anawonjezeka.

Koma pa mafilimu onse, panali imodzi imene inawalowa m'magazi. Inali ya Chimwenye, yaitali maola atatu, ndipo palibe anaimasulirapo. Chikuto cha tepi yake chinatayika kalekale, moti aSalimu eni ake dzina sankalidziwa. ALenia ankangoti "ya sitima", chifukwa inkayamba ndi kulira kwa sitima n'kuthanso ndi sitima. Anyamata sankaikonda, ati nyimbo zachuluka. ASalimu ankaiika masana a Lachitatu, anthu akachepa, ndipo tsiku limenelo aLenia ankapereka chenji molakwitsa.

Munali anthu atatu. Mtsikana wolira kwambiri anamutcha Namisozi. Mwamuna wa mawu ofewa, oti akayankhula mtima umangoti zii, anamutcha aUchi. Ndiye panali wachitatu, wa mawu osasa, wokuwa nthawi zonse ngati injini yopanda mafuta. Ameneyo anali aChigayo. Nkhani yake inali yoonekeratu, malinga ndi aLenia. AUchi ndi mmphawi wokonda Namisozi. AChigayo ndi chigawenga cholemera chofuna kumulanda. Pakatikati pamalira mbama, phaa, ndipo aLenia ankalumbira kuti ndi aChigayo amenya mtsikanayo, aUchi n'kubwera kudzamutonthoza. Pamapeto mfuti imalira, aChigayo afa, sitima n'kunyamula awiriwo nyimbo ili pakamwa. Akafika pamenepo azimayi ankaimika zipande ndi malichero, ena n'kupukuta m'maso.

Lachitatu lina, filimuyo itangotha, m'chisakasamo munatuluka mnyamata wokonza njinga, dzina lake Stafford. Anaima pa beseni n'kufunsa mtengo wa zitumbuwa. ALenia anadzidzimuka mpaka pepala linagwa.

"Achimwene, mawu anuwa ndi anu kapena mwabwereka kwa aChigayo?"

"AChigayo ndani, achemwali?"

"Chigawenga chimene mumaonera chija. Wokuwa uja."

Mnyamatayo anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anamwetulira n'kugula zitumbuwa zoposa zimene akanatha kudya. Mawa lake anabweranso. Patatha chaka, ankhoswe anakumana. Dzina lija linamata ngati phula, moti lero pa Migowi mukafunsa aStafford anthu ayang'anana, koma mukati aChigayo, ngakhale mwana akulozerani pamene pali mapampu ndi machubu. Akayambana pang'ono kunyumba, aLenia ankati, "Ndinadziwa kale ine, mawu amenewa si a munthu wabwino," ndipo bamboyo ankangoseka. ALenia akamafotokoza ya sitima, bamboyo ankakhala chapatali n'kumawongola masipoko. Tsiku lina aLenia atawafunsa kuti, "Si choncho, bambo a Fraser? Inu munaionera," anangoti, "Inu mumaifotokoza bwino kuposa kanema wa aSalimu. Pitirizani."

Zaka zinapita. Fraser, mwana wawo woyamba, anakula n'kukwatira. Mafoni anadzaza m'matumba, ndipo anyamata anayamba kuonera mafilimu ali pa kabaza kudikira makasitomala. Mabenchi a aSalimu anayamba kudyedwa ndi chiswe. M'mwezi wa Ogasiti 2019, mkuluyo anatuluka n'kukhala pansi pa mango paja.

"Amake Fraser, ndikutseka. Loweruka ndi tsiku lomaliza. Zaka makumi awiri ndi zisanu mwakhala pano, sipika yanga mwaimvera kuposa mwini wakene. Loweruka mulowe. Deki yakale ija ndaipukuta, ikugwira. Ndikuikirani ya sitima, ndipo mubwere ndi aliyense amene mukufuna."

ALenia sanamalize kugulitsa tsiku limenelo. Anafika kumudzi beseni lili ndi zitumbuwa theka, n'kuyamba ndi nyumba ya mnzawo wa ponda apa m'pondepo, aRosemary. Dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utamva. Azimayi oti filimuyo ankaidziwa pamtima, ena anaimva ali atsikana ndipo tsopano ali ndi zidzukulu, anayamba kuchapa zitenje ngati kukubwera ukwati. ARosemary anati akufuna akamuone aUchi ndi maso awo asanafe. ALenia anakagula mpango watsopano. Chimwemwe chinali chosefukira, koma pansi pake panali kanthu kakang'ono kowaluma: azimayi makumi awiri akukaona ngati khutu lija silinamadi.

"Bambo a Fraser, inunso mupite," anatero Lachisanu.

"Ndipita," anayankha aChigayo. "Imeneyo sindingaiphonye."

Loweruka masana, Migowi inaona zachilendo. Mzere wa azimayi, ena ana kumbuyo, ukulowa mu vidiyo mutu uli m'mwamba. Ogulitsa tomato anaimirira kuti aone bwino. ALenia anaima kaye pakhomo, n'kugwira nsalu yakuda imene anaiyang'ana zaka zonsezi osaikhudza. M'kati munali kafungo ka fumbi ndi thukuta lakale. Kanema mwini wake anali wamng'ono, wosafika n'komwe pa beseni lawo, koma iwo sanaone zimenezo. ASalimu anawakhazika pa benchi ya kutsogolo, aRosemary kumanja. AStafford anakakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi aSalimu.

Sitima inalira. ALenia anagwira dzanja la mnzawo. Mitundu yake! Nsalu za Namisozi zinali zachikasu, pamene iwo zaka zonsezi ankamuveka zobiriwira, koma zimenezo anakhululuka. Nyimbo yoyamba itayamba, chisakasa chonse chinaimba nawo m'Chimwenye cha kumunsi kwa phiri, chimene anaphunzira kwa aLenia, ndipo aSalimu anaseka mpaka kutsokomola.

Kenako mawu ofewa aja anamveka. "Ndi amenewo aUchi," ananong'ona aLenia.

Pa kanema panatuluka bambo wa suti yoyera, mphete zala zonse, akutsika m'galimoto.

"Mmphawi wake ameneyu?" anafunsa aRosemary.

"Mwina wabwereka," anatero aLenia.

Posakhalitsa mawu osasa anakuwa. Mwini mawuwo anali mnyamata wa malaya ong'ambika, wosenza masutikesi a anthu pa siteshoni. Ankakuwa chifukwa sitima inkachita phokoso, basi. Mabenchi anayamba kulira, azimayi akutembenukirana. ALenia anangoti maso pa kanema. Anadziuza kuti mbama ija ikubwera, ndipo mbama ndi imene iweruze mlanduwu.

Mbama inabwera. Phaa! Dzanja lake linali la mphete. AUchi anamenya Namisozi, n'kuwerama, n'kuyamba kumuyankhula ndi timawu tofewa tija, tomwe aLenia ankatibwereza kumudzi atagwira pamtima. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

ALenia anamva manyazi oti sanawamvepo chibadwire. Zaka makumi awiri ndi zisanu akuliritsa anthu chifukwa cha munthu woipa.

Amene anayamba kuyankhula anali aRosemary, ndipo sanayang'ane aLenia n'komwe. Analoza kanema. "Galu iwe. Tinkakukonda ife."

Basi, chisakasa chinaphulika. Azimayi anamutukwana aUchi ngati mkamwini amene wawanamiza onse pamodzi. Wosenza katundu uja atayamba kuthamanga m'mbali mwa sitima, akukuwa kuchenjeza Namisozi, onse anaimirira n'kumamuuza kuti athamange. ALenia anapezeka aimirira nawo, mpango utagwa, akukuwa kuposa onse, chifukwa phokoso lililonse ankalidziwa lisanafike. "Mfuti ikubwera, gwirani ana," anachenjeza, ndipo mfuti inaliradi. Wa suti yoyera anagwa. Sitima inanyamuka, Namisozi atatsamira pa phewa la malaya ong'ambika, nyimbo yomaliza ili pakamwa pa azimayi onse.

Atatuluka, dzuwa linawathobwa m'maso. ALenia anaima pansi pa mango wawo, osadziwa poyang'ana.

"Asisi, khutu langa linanama," anatero kwa aRosemary.

"Aaa, inu. Nanga ife amene tinakwatiwa ndi a mawu okoma, tinali ndi maso angati? Lachiwiri ndikupeta nandolo. Mubwere mudzatiuze zonse ziwiri, yanu ndi ya aSalimu."

Azimayi ananyamuka akukanganabe za mphete zija. AStafford anabwera akukankha njinga yawo, n'kuima pamalo pomwe anaima tsiku loyamba lija. Apa m'pamene chinthu china chinawagwera aLenia m'mutu, ndipo anawayang'ana amuna awo ngati akuwaona koyamba.

"Bambo a Fraser, filimu imeneyi munaionera kangati?"

"Kanayi. Lero kachisanu."

"Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikukuitanani dzina la chigawenga, Migowi yonse n'kutengera, inu muli chete?"

"Chigawenga chake chiti?" anatero bamboyo ndi mawu awo osasa aja. "Tsiku limene munanditchula aChigayo, ine ndinali nditangoona kumene amene anatenga mkazi pamapeto. Ndinati basi, mtsikanayu wanena yekha. Ndiye ndikanakonza chiyani pamenepo?"

ALenia anafuna kuwakalipira, koma chimene chinatuluka ndi kuseka, ndipo kusekako kunabwera ndi misozi. Anawakonda bamboyo nthawi imeneyo kuposa tsiku la chinkhoswe. Anatola beseni, anakonza chitenje, n'kukhala pa kaliyala.

"Tiyeni kwathu, aChigayo," anatero, n'kuwagwira m'chiuno anthu onse a pamsika akuona.