Makoko a Chinangwa pa Dziwe

Nditakwatira kumunsi kwa phiri la Chikala, boma likadali Kasupe, mtsinje wa kwawo kwa mkazi wanga sindinaukhulupirire. Kwathu ku Utale mtsinje ndi mchenga, madzi umachita kufukula. Uwu unkachokera m'nkhalango mosakhala munthu, kugwa pa mathithi, kudutsa m'nsungwi, n'kudzapuma pa dziwe kumtunda kwa mudzi. Ukachoka apo unkamwetsa madimba, kenaka n'kusowa m'mabango a kudambo. Madzi osaphwa ngakhale m'chilimwe, ine ndinkati chilipo chimene akubisa.

Chaka chimenecho mkazi wanga anayamba kulawirira kudziwe anzake asanadzuke. Chinangwa chathu cha m'mphepete mwa phiri chinkazulidwa, iye n'kumati ndi nguluwe. Nguluwe yanji yokwirira dzenje ikatha kudya? Mtima unandiwawa. Mkamwini salankhula mokweza, choncho ndinangomulondola.

Ndinamupeza yekha, madzi ali m'mawondo, akutola makoko a chinangwa amene ankazungulira pakhosi pa dziwe n'kumawabisa m'chitenje.

"Amayi, amasenda chinangwa kumtundaku ndani?"

"Tsitsani mawu, bambo. Ndi achimwene."

"Alamu? Si aja munati anaolokera ku Mozambique?"

"Iyayi. Ali kuphanga, kuseri kwa mathithi. Akataya makoko, ndimadziwa kuti agona bwino."

Alamu anali atakana kugula khadi la chipani, ndipo achinyamata a chipanicho anawatenthera nyumba. Mudzi wonse unkadziwa kuti pamwamba pa dziwe palibe munda, palibe khomo. Khoko limodzi lokha likanafika pamwala wochapirapo, achinyamata aja akanakwera phiri ndi zibonga tsiku lomwelo.

Nsanje inandithera pomwepo, mantha n'kulowa m'malo. Ndinayamba kukayikira aliyense. Mayi wina akachedwa kutunga, ndinkati waona. Mkulu wa chipani atandifunsa ngati nsomba zilipo kudziwe, chakudya chinandikanika tsiku lonse. Ngakhale mtsinjewo ndinkauda, chifukwa chilichonse cha kumtunda unkabwera nacho kumudzi, ngati mwana wosasunga pakamwa.

Mvula yoyamba inagwa kuphiri kokha, kumudzi kuli dzuwa. Masana tinamva mkokomo, ndipo madzi anatsika ofiira, atanyamula mitengo ndi miyala. Anadya madimba, nasiya dziwe litadzaza mchenga. Anthu ankalira mbewu zawo. Ifenso tinalira nawo, iwo n'kumayesa kuti tikulira mpiru.

Madzi atachepa ndinakwera phiri ngati wokadula nsungwi. Phanga ndinalipeza lodzaza matope. Munalibe munthu, munalibe mphika. Kaya alamu anathawa madzi asanafike, kaya anapita nawo, kaya wina anali ataulula kale, sindidziwa mpaka lero.

Chinangwa chathu chinakhwima chaka chimenecho popanda wochizula. Mkazi wanga sanasiye kulawirira kumtsinje, ndipo ine sindinamufunsenso. Ankabwera chitenje chili chonyowa, m'manja mulibe kanthu.