Mtengo wa Mango Umene Tinaotchera Njerwa

Ndiyamba ndi kuyamika Mulungu amene anatipatsa denga ife osayenera, ndipo sanatibwezere monga mwa zochita zathu.

Komwe timakhala ndi kunja pang'ono kwa boma la Mangochi, m'mbali mwa msewu wopita ku Nkopola. Kummawa kuli dambo lotsikira ku Shire, kumadzulo mapiri. Kale unali mudzi wa asodzi achiyao, ndipo mzikiti wawo ulipobe kuseri kwa chigayo. Nkhondo itavuta ku Mozambique, ena mwa othawa anamanga zisakasa chakudambo. Kenaka tinabwera ife a ntchito za m'maofesi ndi mipanda yathu. Alendo akafunsa, tinkati, “Kuno kunali tchire lokhalokha.”

Pamalo pathu panali mtengo waukulu wa mango. Chaka chilichonse, Ramadani ikayandikira, kunkabwera mayi wina wachikulire wochokera ku Katuli. Ankaodira, n'kukhala pansi pa mtengowo kwa kanthawi, n'kumapita. Ine ndinkayesa ndi wopempha. Tsiku lina ndinamuseka.

“Amayi, mango si nyengo yake ino. Mukudikira agwe amawa?”

“Mthunzi wokha, mwanangu,” anatero, Chichewa chake chili ndi kamvekedwe kachiyao.

Titafuna kuwonjezera khonde, nkhuni zootchera njerwa zinasowa. Amuna anga anazengereza, koma ine ndinati, “Dulani. Masamba ake andikwana kusesa.”

Mayi uja atabweranso anaima pachipata, maso ali m'mwamba mmene munali nthambi. Sanakalipe. Anangofunsa kuti chitsa chinali pati. Ndinaloza simenti ya pakhonde, pamene timaika mpando wa alendo. Anavula nsapato, nakhala pansi pomwepo, dzanja lili pa simentiyo.

Apo m'pamene anandiuza. Anafika kuno akuthawa nkhondo ali ndi pakati. Mwana anabadwa wosalira. Khanda lotere saliika kumanda a akulu, ndipo salilira maliro. Amayi anzake analiika mwakachetechete kuseri kwa zisakasa. Iye anakwirira njere ya mango pamenepo kuti asadzaiwale malo.

Ine wa kubwalo la amayi a kutchalitchi, wodziwa kuti Malemba amaletsa kusuntha malire akale, ndinasowa vesi. Ndinagwada n'kunena, “Pepani, amayi.”

“Simunadziwe,” anatero.

Zoona sindinadziwe. Koma zaka zonsezo sindinafunse ngakhale kamodzi.

Mpando uja ndinauchotsa. Pamenepo sitipondapo ndi nsapato, ndipo ana anga akudziwa chifukwa chake. Mawu oti kuno kunali tchire sanatulukenso m'kamwa mwanga. Chaka chatha mayiyo sanabwere, ndipo sindidziwa ngati ali moyo, pakuti ngakhale mudzi wake weniweni sindinaufunse. Mwezi wa Ramadani ukamayandikira, chipata ndimachisiya chosatseka.

Ambuye amene saiwala ngakhale khanda lopanda dzina akusungeni inu owerenga, akupatseni mtima wofunsa nkhwangwa isanagwe, ndipo mtendere wake ukhale pa nyumba zanu ndi pa onse ogona pansi pake. Ameni.