Waya wa pa denga

Dzulo mdzukulu wanga anatsika pa denga atalimbana ndi antena ya kanema, manja ake akununkha dzimbiri. Fungo limenelo linandibweza kwathu ku Domwe, nthawi ya Apwitikizi.

Radiyo ya atate inkangosokosera ngati mvula, pokhapokha munthu atagwira waya womwe anaumangirira ku nsungwi pa denga. Munthuyo ndinali ine, poti ndinali wopepuka. Tsiku lina dzuwa litapendeka, iwo akumvera m'nyumba nkhani zoletsedwa za anyamata omenya nkhondo kutchire, ndinaona msupayi, wapolisi wa boma, akudutsa m'munda wa kachewere kulunjika kwathu. Ndikanakuwa kuchenjeza atate, msupayiyo akanandimva, ndipo pansi panali patali kuti ndidumphe. Ndinangosiya waya kuti mawu afe.

"Gwira waya, iwe!" anakalipa atate m'nyumbamo.

Msupayi anaima pansi panga, chikoti chili m'manja, namvetsera phokosolo. Kenaka anakweza maso.

"Wawamva atate ako," anatero motsitsa mawu. "Gwira. Mwana wanga wachisamba alinso kutchire komweko."

Mphepo yozizira inkandilowa m'malaya. Dzanja langa linangoima m'malere pafupi ndi waya, osadziwa ngati unali msampha, iye ali chidikirire.