Tinanyamula aNamaya Kupita ku Kandeu

Tinanyamuka pa Mlangeni m'mamawa, mphepo ya mwezi wa Julaye ikuluma makutu. Ine ndinali nditakumbatira chithunzi chachikulu cha m'felemu, chokutidwa ndi chitenje. Ababa ankabwera pambuyo panga atavala jekete lawo lakuda ndi chipewa chimene anabwera nacho ku Joni ine ndisanabadwe. Jekete limenelo silituluka wamba m'sutikesi. Likaoneka panjira, anthu a m'mudzi amayamba kufunsana kuti watisiya ndani.

Ndiyambe ndafotokoza za chithunzicho. Azakhali anga, aNangozo, amakhala ku Kandeu, ndipo amatsogolera kagulu ka amayi koyanjanitsa anthu okangana za minda ndi kuimira amayi amasiye. Tsiku lina anamva pa wailesi za mayi wina wa ku Guatemala, wa mtundu wa Amaya, anthu a kumapiri olima chimanga ngati ife. Pa nkhondo ya kwawo anaphedwa bambo ake, mayi ake ndi mlongo wake, koma iye sanatole mfuti. Anayenda m'maiko akuulula zimene zinkachitikira anthu a mtundu wake, mpaka anapatsidwa mphoto yaikulu ya mtendere. Dzina lake linawapinda lilime amayi a ku Kandeu, choncho anangomutcha mwa kwathu, aNamaya. Anakonza tsiku lomukumbukira, nandiimbira foni ine, poti ndine mphunzitsi, kuti ndiwapezere chithunzi.

Koma katundu wanga weniweni pa ulendowu anali ababa. Iwo ndi azakhali ndi a bere limodzi, ndipo anali asanalankhulane kwa zaka zambiri. Bambo anga aang'ono atamwalira, ababa anafuna kutenga dimba la malemuwo la mbatata ya kachewere ku Kandeu. Azakhali anaimirira pagulu nanena kuti mkazi wamasiyeyo ndi ana ake sachoka. Ababa anachita manyazi, nalumbira kuti, "Ku Kandeu ndidzapondako pa maliro ake basi." Tsopano azakhali anali atagonekedwa m'chipatala kawiri chaka chomwecho, miyendo itatupa. Ndinkaopa kwambiri kuti lumbiro lija likwaniritsidwa mvula isanagwe.

Nditawaonetsa ababa chithunzicho ndi kuwafotokozera mbiri yake, anangoganiza okha kuti mwiniwake anamwalira. Kwathu kuno ndani amaikidwa m'felemu ndi kukonzeredwa tsiku akadali ndi mpweya? "Munthu wotaya banja lonse chonchi? Maliro n'kulirana, ndipita," anatero. "Koma umve bwino, sindikupitira azakhali akowo." Pamaliro adani amakhala bwalo limodzi osalankhulana, ndipo palibe amene amati wina wagonja. Ine ndinkadziwa kuti aNamaya ali moyo, koma ndinatseka pakamwa.

Minibasi yopita ku boma inatilipiritsa K3,500 aliyense. Kondakitala ataona felemu ija, anati nayonso ilipire chifukwa ikudya malo a munthu.

"Mwana iwe, mwayamba kulipiritsa ndi akufa omwe?" anafunsa ababa.

Kondakitala anapepesa, nauza dalaivala kuti atsitse wailesi. Minibasi yonse inati zii, mpaka nkhuku imene inali pansi pa mpando inaoneka ngati yamva. Mayi wina wopita ku Nsipe ndi matumba a kabichi anakweza nsonga ya chitenje chija, nasuzumira.

"Ndi achibale?"

"A kutali ndithu," ndinayankha, maso ali pawindo.

"Pepani. Akuoneka kuti anali mayi wabwino. Onani nsalu yawoyo kukongola kwake, ngati maluwa."

Anamasula mfundo ya chitenje chake, nandifumbatitsa K500 ya chipepeso. Ndinalandira ndi manja awiri.

Tinafika pa boma la Ntcheu cha m'ma naini. Matola ya ku Kandeu inali isanadzaze, choncho tinaima pa chiwaya kudya chipisi. Ababa anadya mbale yonse akunyoza: mbatatayo ndi ya madzi, mafuta ndi a dzana, wokazingayo sanaonepo kachewere weniweni. Atatha anapempha kuti awaonjezere zokazinga za m'mphepete.

Matola inanyamuka dzuwa litakwera, K4,000 munthu mmodzi. Tinakhala kumbuyo pamodzi ndi matumba a feteleza, malata awiri ndi mbuzi yosakhulupirira aliyense. Msewu utayamba kutsetsereka, kuzizira kwa kumapiri kunatsalira m'mbuyo ndipo fumbi linatipaka tonse mtundu umodzi. Pa bampu lina felemu inandipulumuka, ababa n'kuigwira, ndipo kuyambira pamenepo anainyamula okha pamiyendo.

Mkulu wina wa ndevu zoyera anawafunsa ngati thupi likubwera pambuyo.

"Ayi, awa ndi a kutsidya kwa nyanja zazikulu," anayankha ababa. "Ku migodi ya ku Joni tinasiya anzathu m'manda opanda dzina. Wina tinkagona chipinda chimodzi. Kwawo anamva patapita chaka, ndipo panalibe amene anamulira. Ndiye munthu wakutali ukamva za iye, uzipita."

Nkhani imeneyi ndinali ndisanaimvepo. Ndinatsala pang'ono kuulula, koma matola inali itayamba kale kulowa pa Kandeu.

Tinatsika masana. Kuchokera pamsika tinayenda pang'ono kukafika pabwalo la tchalitchi, ndipo tisanafike n'komwe tinamva nthungululu. Amayi anali atavala zitenje zowala, azibambo akuponda gule wa ngoma, fumbi lili koboo. Ababa anaima.

"Maliro anji a nthungululu amenewa?"

Amayi a gulu lija anathamanga kudzalandira chithunzi, nakachiimika patebulo pakati pa zisononkho ndi chimanga chosatonola, poti anamva kuti kwa aNamaya chimanga amachilemekeza koposa. Ababa anakakhala kumapeto kwenikweni kwa benchi la azibambo, chipewa chili m'maso.

Azakhali anali pampando, pansi pa mtengo wa mango. Anali ataonda kuposa mmene ndinawasiyira, koma mawu anali omwe aja. Analankhula ali chikhalire.

"Ena mwandifunsa kuti mayiyu anamwalira liti. Sanamwalire. Ali moyo kwawoko, mwina pano akupalira chimanga. Ife tili ndi matenda. Timadikira munthu afe kuti timuyamikire. Timagula bokosi lonyezimira pamene sitinamugulirepo ngakhale sopo. Mayiyu anakana kubwezera, nasankha kulankhula. Ife tasankha kumuthokoza makutu ake akadamva, ngakhale ali kutali."

Ababa anatembenuka nandiyang'ana.

"Luwiza, iwe unkadziwa?"

"Eya, ababa."

Anaimirira. Ndinati basi, ulendo wathera pompa, akubwerera kumsika kukadikira matola. Anasasa fumbi pa jekete lawo la maliro lija, nayang'ana kumsewu nthawi yaitali. Kenaka anadutsa pakati pa bwalo, ovina n'kupatuka. Atafika pa mtengo wa mango anavula chipewa, nanjuta movutikira, mawondo akulira.

"ANangozo, mwaswera bwanji?"

Azakhali anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Jekete limeneli mwandivalira ine?"

"Ndinati ndidzabwera pa maliro anu," anatero ababa. "Koma tsiku limenelo ndikanati pepani, mukanandiyankha?"

"Sindikanakuyankhani. Ndipo mukanadandaula kuti ndine wamwano mpaka m'bokosi. Khalani apa, achimwene, mawondowo si anu okha, ndi a mtundu."

Anthu anaseka, ine ndinalira osabisa. Amene anabweretsa chakudya anali amayi aang'ono, amasiye aja. Anagwada naika mbale ya kachewere wophika patsogolo pa ababa. Aliyense ankadziwa dimba limene mbatatayo inachokera. Ababa anatenga imodzi, nainyema pakati, nadya pang'onopang'ono.

"Alamu, iyi ndiye mbatata," anatero. "Dimba lija lili m'manja abwino."

Chipepeso cha mayi wa kabichi uja ndinachiponya m'mbale ya gulu, ndipo ndikhulupirira kuti akadzamva sadzandiimba mlandu. Chimene ndinaphunzira n'chakuti mawu abwino amene timasungira pamanda amafunika kuperekedwa mwiniwake akadatha kuyankha, ngakhale atayankha mwachipongwe. ANamaya sadzadziwa kuti kuli malo otchedwa Kandeu, koma anayanjanitsako anthu awiri ali m'felemu.

Dzuwa litapendeka ndinapita kukawauza ababa kuti matola yomaliza ikunyamuka. Ndinawapeza atavula jekete, atalifunditsa pa miyendo yotupa ya azakhali.

"Pita, mwana wanga," anatero. "Ukawauze amako kuti ndibwera Loweruka."

Ndinalipira K4,000 ya munthu mmodzi, ndipo sindinakondwerepo chotero kuyenda ndekha.