Nyimbo ya Maliro Imene Bambo Anapeka

Bambo anga ankasamalira maluwa panyumba ina ku Area 11, ndipo nyimbo zawo ankapeka akuthirira kapinga. Loweruka akabwera kumudzi ankaphunzitsa kwaya ya kutchalitchi kwathu pakamwa, popanda pepala. Makwaya ena akazimva ankabwera kudzapempha, bambo n'kuwaphunzitsa mpaka kusasa mawu. Ankati nyimbo ya Mulungu sakaniza.

Inalipo ina ya maliro, imene bambo anapeka atamwalira mchemwali wanga. Imeneyo ndinaimva tsiku lina ku Old Town ndikutsika minibasi, ikuphulika pa sipika ya anyamata oika nyimbo m'mafoni. Anaithira ng'oma za makina, ndipo wina ankavina uku akukukuta chimanga chootcha. Nditafunsa, anandionetsa chithunzi cha woimba wa suti yonyezimira. Ndinamudziwa. Anadzagonapo kwathu ndi kwaya yake, mayi mpaka kumuphera nkhuku. Zinandinyansa kwambiri.

Bambo sankafuna zambiri, ankangofuna kuti nyimboyo ikamatchulidwa, dzina lawo limveke. Ndinapita nawo kwa loya wina ku City Centre, atavala jekete lawo lopitira kutchalitchi.

"Nyimboyi munthuyo anailembetsa kale kuti ndi yake," anatero loyayo. "Inuyo muli ndi umboni wanji? Munaijambula? Munailemba penapake?"

Bambo anaimirira, nakonza kukhosi, nayamba kuimba. Mu ofesi ya eni ake, ndime zonse, mawu akunjenjemera. Kwa iwo umenewo ndiye unali umboni, poti ndani angalire chonchi mwana wa mwini? Loya anadikira mwaulemu, maso ali pa foni.

"Mwaimba bwino, bambo. Komatu aliyense womvera wailesi angathe kuimba."

Anatiuza kuti lamulo limateteza wopeka ngakhale asanalembetse, koma kukhoti amafuna chooneka ndi maso, ndipo mboni zathu ndi achibale okhaokha. Ine magazi anawira. Lamulo lotere n'chimodzimodzi ambulera yokupatsa mvula itakata. Wakuba ali ndi chidindo, mwini wake ali ndi pakamwa pokha, ndiye akuti wonama ndi wopanda chidindoyo!

Kuyambira pamenepo bambo analeka kupeka, ndipo makwaya akabwera kudzapempha nyimbo ankawauza kuti akudwala chifuwa.

Bambo atamwalira kunabwera makwaya a midzi ina, achinyamata osawadziwa bambo. Bokosi lili pafupi kutuluka, wotsogolera mwambo, yemwe anali mlendo kwathu, anatenga maikolofoni.

"Tsopano tiimbe ija ya m'bale wathu wa pa wailesi," anatero, natchula dzina la wakuba uja. "Ndamva kuti malemuwa ankaikonda kwambiri."

Anaiimba mothamanga, mmene imamvekera pa wailesi, ndipo bambo anatuluka m'nyumba mwawo ndi nyimbo yobwereka.