Mzere wa pa Siteshoni ya Cuamba

Mayi Zulmira sankatha kukhala pansi. Atabwerera ku Cuamba mu 1994, kuchokera kukampu ya othawa nkhondo ku Malawi, anayesa zonse: kugulitsa matemba, kusoka, kulembera anzawo makalata. Chinyanja, Chiyao ndi Chipwitikizi ankangozilankhula ngati akumwa madzi, n'chifukwa chake dotolo wina wa ku Nampula anawalemba ntchito.

Dotoloyo ankafufuza matenda pakati pa achinyamata ogona pasiteshoni ya sitima, aja nkhondo inawasiya opanda kwawo. Ntchito ya mayiwa inali kufotokoza za kafukufukuyo, kenako wovomera adinde chala papepala, dotolo amutenge magazi pang'ono.

Tsiku loyamba mzere unafika kunjanji. Dotolo anakondwa, koma Mayi Zulmira ayi. Mzere umenewo ankaudziwa. Kukampu, munthu ukadinda chala umalandira khadi, khadiyo n'kukupatsa ufa ndi nyemba. Anawa anakulira komweko. Mawu onse aja ankangowadutsa, maso ali pa inki.

Dzuwa litapendeka, mtsikana wina dzina lake Sumaia, yemwe anali atatengedwa kale magazi, anawakoka chitenje.

"Mayi, khadi ibwera liti? Mng'ono wanga ndamuuza kuti tiyamba kudya."

Mayi Zulmira anamuzemba n'kuweruka. Kunyumba sanakhazikike: kusesa posesa kale, kutuluka, kulowanso. Dotolo ankafuna anthu ambiri, ndipo mzere ukatha, ntchito yawonso ithera pomwepo. Inali ntchito yoyamba yeniyeni chibwerereni. Komabe manyazi anawadya, chifukwa iwo sanali mlendo ngati dotolo. Ankadziwa.

M'mawa anabisa inki m'chikwama, nakwera pabenchi.

"Ana inu, tamverani! Kulibe khadi, kulibe ufa. Magazi okha ndi amene akufunika, kuti adziwe zimene zikukudwalitsani. Wosafuna apite, palibe mlandu."

Anabwereza m'Chiyao, mokuwa. Mzere unasweka, ena akutukwana, mpaka panatsala anthu asanu ndi mmodzi. Dotolo anavula magalasi.

Sumaia sanachoke. Anayandikira, natambasula dzanja.

"Ndiye mundibwezere magazi anga."

"Apita kale, mwanawe. Anakwera sitima ya m'mawa."

"Koma inu munali kukampu, mayi. Dzulo bwanji simunanene?"