Msewu wa Amayi

Ndikukumbukira chaka chimene boma linanena kuti zolandira zaulere zatha, wofuna thandizo agwire khasu. Tinkakhala kumtunda kwa Nsipe, amayi, ine ndi mlongo wanga Yohane amene anali adakali kumsana. Bambo anali atamwalira, nkhokwe ili pululu. Ndiye kutamveka kuti kwabwera ntchito yokonza msewu wa m'mudzi mwathu, amayi anathamangira osayang'ana kumbuyo.

Koma ntchitoyo inabwera nthawi yopalira. Amene anaikonza kaya analimako, ine sindikudziwa. Mvula inali pakati, udzu ukukula ngati walipidwa. M'mamawa amayi ankapita kumsewu, kapitawo n'kuwayezera ndime ndi ndodo yake yaitali ija. Ankakumba ngalande m'katondo wonyowa womata kukhasu, n'kumabwera dzuwa litapendeka, miyendo ili psuu, m'manja muli matuza. Ukajomba, malo ako ankapatsa wina, poti anjala anali ambiri kuposa ndime.

Agogo aamuna, bambo a amayi, anabwera tsiku lina akutsimphina ndi ndodo yawo.

"Mwanawe, munda uja wauona? Msewu sadya."

"Ndauona, bambo. Nanga ana adya chiyani lero? Ndikapalira mawa."

Mawa limenelo linachuluka. Amayi ankati akafika pakhomo n'kukhala pakhonde kuti apume pang'ono, tulo tinkawagwira chokhala, mwana ali kubere.

Ine ndinkatumidwa kumunda ndi kakhasu kanga kotha. Kupalira kwake kunali kwa mwana, mzere umodzi kenako kuthamangitsa ziwala. Chimanga chinali chachikasu, chowonda, koma pansi pake panamera timaluwa tofiira tokongola zedi. Ndinathyola todzaza manja, tina n'kutsomeka m'tsitsi, ulendo kumsewu kukaonetsa amayi.

Ndinawapeza ali m'ngalande, matope mpaka m'mawondo.

"Amayi, taonani! Kumunda kwathu kwadzaza maluwa!"

Azimayi anzawo anasiya makasu. Wina anangoti, "Mayo ine, kaufiti." Amayi anayang'ana timaluwa tija nthawi yaitali, kenako anandichotsa tam'tsitsi kamodzikamodzi, osandikalipira. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kutolanso khasu, poti ndime inali isanathe. Ndinadziwa pambuyo pake kuti kaufiti amayamwa chimanga kumizu, ndipo ukaona maluwa ake ndiye kuti wachedwa kale. Mpaka lero zimandiwawa kuti uthenga umenewo ndinawapititsira ndine, ndikuseka.

Malipiro anabwera ndithu, tinadya mpaka mvula kutha, sindinganame. Koma pokolola tinatuta madengu osadzaza n'komwe theka la nkhokwe. Msewu wokha ndiye unatha bwino, wosalala, ngalande zake zowongoka. Galimoto yoyamba kudutsapo inali lole ya mavenda, itadzaza chimanga chogulitsa. Amayi anaima pamzere ndi kathumba, pamsewu umene anakumba okha.

Masiku ano ndikapita kumudzi ndimakwera njinga yamoto pamsewu womwewo, ndipo anyamata oyendetsa sadziwa kuti unakumbidwa ndi manja. Ntchito zija zimabwerabe, ena amati tsopano amayamba afunsa alimi za nyengo. Kaya. Amayi anapita, munda uja amalima ndi Yohane. Mwana wanga wamkazi anabadwira m'tauni, ndipo chaka chatha titapita kumudzi anathamanga kuchokera kumundako atanyamula timaluwa tofiira, akufuula kuti ndione.